Apatsogolo ndi Apakati: Mizu ya Mawu Amene Akugawa Chipani cha Democratic

Pa 5 Novembala 2024 mayi Kamala Harris anagonja kwa a Donald Trump pa chisankho cha pulezidenti wa dziko la America. Zigawo zonse 7 zimene zimapendekera uku ndi uku zinagwera kwa a Trump, ndipo mavoti a nthumwi za zigawo anatha 312 kwa 226. Misozi isanaume n'komwe, a m'chipani cha Democratic anayamba kulozana zala. Kutacha, phungu wa ku Seneti a Bernie Sanders analemba kuti chipani chimene chataya anthu odyera thukuta lawo chisadabwe anthuwo akachitaya. Phungu wina wa ku New York, a Ritchie Torres, anaona mosiyana: iwo anati amene anathandiza kwambiri a Trump ndi anthu a m'chipanimo okonda mfundo zonyanyira, zimene zimathamangitsa ovota wamba.

Magulu awiriwa ali ndi mayina awo pa Chingelezi. Ena amatchedwa progressives, ena centrists. Pa Chichewa palibe mayina okhazikika, choncho pano tiwatcha apatsogolo ndi apakati. Mayinawa si achabechabe. Dzina lililonse lasenza mbiri yake, ndipo munthu akalifukula mpaka ku muzu amapeza kuti likunena zina zimene eni ake sakonda kumva.

Mawu akuti progressive anachokera ku Chilatini. Pro ndiye kuti kutsogolo, ndipo gradi ndiye kuponda kapena kuyenda. Gradus ndi phazi limodzi loponyedwa poyenda. Muzu umenewu tili nawo kale pakamwa pathu ngakhale sitiuzindikira: ndi womwe uja uli m'mawu akuti giredi, kaya ya fodya ku okushoni kaya ya mwana wa sukulu ku Zambia. Ulinso m'mawu akuti Kongeresi, amene poyamba ankatanthauza kuyendera pamodzi mpaka kukumana. Koma chochititsa chidwi n'chakuti mawu amene apakati amawakonda kwambiri, akuti gradual, otanthauza kuchita zinthu pang'onopang'ono, anaphuka pa muzu womwewu. Wofuna kusintha zinthu lero lomwe ndi wofuna kuzisintha mwa phazi ndi phazi akumwa pa chitsime chimodzi. M'muzuwo mulibe liwiro. Muli kuyenda basi, ndi mbali imene ukulowera.

Dzinali linatchuka ku America kuyambira cha m'ma 1890, ndipo silinali la chipani chimodzi. Anthu otopa ndi makampani akuluakulu a njanji ndi a mafuta, otopanso ndi mabwana a zipani amene ankasankha oimira anthu ali m'zipinda zotseka, ndiwo ankadzitcha choncho. Mmodzi mwa akuluakulu awo, a Robert La Follette a ku Wisconsin, anali wa chipani cha Republican. Mu 1912 a Theodore Roosevelt anatuluka m'chipani chomwecho n'kukayambitsa Progressive Party. Anapeza mavoti a nthumwi 88, pulezidenti wolamula a William Howard Taft anapeza 8 okha, ndipo mpando unapita kwa a Woodrow Wilson a Democratic ndi mavoti 435. Kuyambira pamenepo dzinali lakhala likuyenda ndi mthunzi wake: ukagawa nyumba yako, wodyerera ndi wa kutsidya.

Kenaka dzinali linazilala kwa zaka zambiri, m'malo mwake anthu n'kumanena kuti liberal, kuchokera ku liber, mfulu. Pofika mu 1988, pamene a George H. W. Bush ankalimbana ndi a Michael Dukakis, mawu akuti liberal anali atasandutsidwa chitonzo, ndipo ambiri anathawira ku dzina lakale lija. Mu 1991 aphungu ochepa, kuphatikizapo a Sanders, anakhazikitsa Congressional Progressive Caucus. Koma onani izi: bungwe loganizira mfundo la apakati, limene linayamba mu 1989, linadzitcha Progressive Policy Institute. Ndipo mu 2015 mayi Hillary Clinton, ali pa mtsutso ndi a Sanders, ananenetsa kuti nawonso ndi apatsogolo, kungoti ndi a mtundu wofuna kuona ntchito itagwirika. Palibe wandale amene angavomere kuti akuyenda chobwerera. N'chifukwa chake dzinali aliyense amalikokera kwake.

Dzina la apakati ndilo lili ndi mbiri yozama kuposa pamenepa.

Centre anachokera ku mawu a Chigiriki akuti kentron, ndipo kentron sanali malo ayi. Inali ndodo yosongoka yobayira ng'ombe kuti ziyende, kapenanso mbola ya njuchi. Mawu omwewa ndi amene ali pa Machitidwe 26:14 m'Chigiriki cha Chipangano Chatsopano. Akatswiri a masamu nawonso anawatenga n'kutchulira mwendo wosongoka wa kampasi, uja umabayidwa papepala kuti mwendo wa pensulo uzungulire. Kuchokera pamenepo ndi pamene anayamba kutanthauza kadontho ka pakati pa mzere wozungulira. Aliyense amene anagwirapo kampasi kusukulu akudziwa kuti kadonthoko sumakapeza kali kale papepala. Umasankha wekha pobaya, ndipo ukasuntha nsongayo, mzere wonse umasuntha nawo.

Chichewa chathu chikugwirizana nazo mwa njira yake. Tsinde lakuti -kati silitha kuima palokha. Limafuna pa-, m- kapena ku- kuti likhale pakati, mkati, kukati, ndipo likatero limafunsabe: pakati pa chiyani ndi chiyani? Mkhalapakati amakhala ndi ntchito pokhapokha pali awiri okangana. Pakati sipadziwika m'mphepete musanadziwike.

Pa ndale, mawuwa analowa kudzera ku France. Mu 1789 aphungu a msonkhano wa dziko ankakangana ngati mfumu ikhale ndi mphamvu yokana malamulo. Oikira mfumu kumbuyo anasonkhana kudzanja lamanja la wapampando, ofuna kuchepetsa mphamvu zake kudzanja lamanzere. Kumeneko ndi kumene kunachokera zoti wandale uyu ndi wa kumanzere, uyo ndi wa kumanja. Zilibe chochita ndi mwambo wathu woti dzanja lamanzere sapatsira munthu chinthu. Inali nkhani ya mipando chabe. Mu 1792, m'nyumba ya malamulo yatsopano, aukali ankakhala pa mabenchi a pamwamba ndipo ankatchedwa Phiri. Aphungu ochuluka amene sankadziphatika ku gulu lililonse ankakhala m'munsi, ndipo ankatchedwa Chigwa, koma owanyoza ankati Marais, kutanthauza dambo la lowe, pomwe phazi silipeza polimba. Komabe ndi mavoti a m'dambomo amene ankagamula nkhani, ndipo mu Julaye 1794 anathandiza kugwetsa Robespierre, mtsogoleri wa Phiri lija. Kuyambira pachiyambi penipeni apakati akhala akunyozedwa kuti alibe msana, kwinaku aliyense akuwafuna pa tsiku lowerenga mavoti.

Apakati a ku America ali ndi masamu awo, ndipo si opepuka. Mu 1957 katswiri wa zachuma Anthony Downs anafotokoza kuti kumene kuli zipani ziwiri zokha, ovota mukawandandika pamzere kuchokera kumanzere mpaka kumanja, wopambana ndi amene wayandikira munthu woima pakatikati pa mzerewo. Alinso ndi zipsera zimene amaonetsa. Mu 1972 a George McGovern, okondedwa ndi achinyamata odana ndi nkhondo ya ku Vietnam, anapambana m'chigawo chimodzi chokha cha Massachusetts ndi mumzinda wa Washington. Mu 1984 a Walter Mondale anapeza Minnesota yekha ndi Washington yemweyo. Chaka chotsatira kunabadwa Democratic Leadership Council, bungwe lofuna kukokera chipani pakati, ndipo yemwe anadzakhala wapampando wake, a Bill Clinton, anapambana chisankho cha pulezidenti mu 1992. Pofuna kusankhidwanso mu 1996, mlangizi wawo Dick Morris anawapatsa njira yotchedwa triangulation, kuchokera ku dzina la chinthu cha makona atatu: usaime ndi chipani chako, usaime ndi adani ako, ima pa kona yachitatu pamwamba pa onse. A Clinton anasainira lamulo lochepetsa thandizo la boma kwa osauka chaka chomwecho, ndipo anapambana.

Umboni wa masiku ano uliponso. Mipando yambiri mwa 40 imene chipanichi chinawonjezera m'nyumba ya aphungu mu 2018 inatengedwa ndi anthu ofatsa pa mfundo, m'madera a m'mphepete mwa mizinda. Chitatha chisankho cha 2020, mayi Abigail Spanberger a ku Virginia anadandaulira aphungu anzawo kuti mfuu yoti apolisi alandidwe ndalama inatsala pang'ono kuwagwetsa. Ndipo mu Novembala 2021 anthu a ku Minneapolis, mzinda womwe George Floyd anaphedwera ndi wapolisi, anakana pa voti ganizo lothetsa nthambi ya polisi n'kuikapo ina. Ku West Virginia, kumene a Trump anapambana ndi kusiyana kwa mavoti pafupifupi 39 pa 100 aliwonse mu 2020, mpando wa ku Seneti unali m'manja mwa a Joe Manchin a Democratic. Apatsogolo ankawada a Manchin chifukwa chokana bilu yaikulu ya pulezidenti a Joe Biden mu Disembala 2021. Atangopuma, mpandowo unapita ku Republican. Pa mfundo iyi apakati akunena zoona, ndipo palibe chifukwa chozembera: woimira chipani ayenera kufanana ndi dera limene akupempha voti.

Koma tibwerere ku kampasi ija, pakuti m'pamene masamu a Downs amaperewera. Masamuwo amatenga mzere wa ovota ngati chinthu chokhomedwa ndi misomali, chonsecho mzerewo umayenda. Pamene boma la America linkayambitsa penshoni ya okalamba mu 1935, ndi thandizo la chipatala la okalamba mu 1965, otsutsa ankati ndi chisosholizimu. Lero wandale wofuna kuchotsa zimenezi ndi amene amaoneka wonyanyira. Mu 2012 ogwira ntchito m'malo ogulitsira zakudya ku New York ananyanyala ntchito kufuna malipiro a madola 15 pa ola, pamene malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anali, ndipo akadali, madola 7.25 chiikireni mu 2009. Anthu ankawaseka. Mu 2020 ovota a ku Florida anavomereza madola 15 aja ndi mavoti opitirira 60 pa 100 aliwonse, pa tsiku lomwelo limene anasankha a Trump. A ku Missouri anachita chimodzimodzi mu 2024. Ndani anasuntha nsonga ya kampasi? Si amene ankayang'ana kafukufuku wa maganizo a anthu kuti adziwe poima. Ndi aja ankatchedwa olota.

Apa m'pamene mtima wanga ukupendekera kwa apatsogolo. Chipani chimene ntchito yake ndi kungosaka pakati chimasiya adani ake kuti ndiwo azibaya pepala. Iwo akasunthira kumanja, nachonso chimasuntha kuti chikhalebe pakati, ndipo patapita zaka chimapezeka chaima pomwe chinkatsutsa dzana. Mayi Harris anayenda misonkhano ndi mayi Liz Cheney a Republican kuti akope ofatsa a mbali inayo, koma anthu ambiri olandira malipiro ochepa, amene mitengo ya zakudya ndi lendi inali itawafika pakhosi, sanamve zokwanira zowakhudza. Muzu wa dzina la apakati ndi ndodo yoyendetsa ng'ombe. Wodzitcha wapakati koma osayendetsa kanthu wataya tanthauzo loyamba la dzina lake lomwe.

Mawu ena awiri amene amaponyerana ndi achidule kuwafukula. Radical, amene timamva ngati wonyanyira, anachokera ku radix, muzu: munthu wofuna kuzula vuto ndi mizu yomwe. Moderate anachokera ku modus, muyeso: munthu wodziwa polekezera. Onse awiri sanayambe ngati zitonzo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu osiyana chonchi sangopatukana? Yankho lili m'mawu akuti chipani. Pa Chingelezi party anachokera ku pars, gawo, chidutswa chopatulidwa ku chinthu chachikulu. Mawu athu akuloza kwina. Pa Chishona chipani, ndi pa Chizulu isipani, ndi ng'ombe zomangidwa m'goli limodzi kuti zikoke khasu kapena ngolo, kuchokera ku span wa Chiafrikaans, ndipo zikuoneka kuti chipani chathu chinadzera njira yomweyo ya kumwera. Azungu anaona kugawanika, ife tinaona goli. Pa nkhani ya ku America mawu athu ndi amene akulondola. Kumeneko mpando umapita kwa amene wapeza mavoti ambiri ngakhale asafike theka, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chimapereka nthumwi zake zonse kwa wopambana. Chipani chachitatu sichikolola kanthu, chimangodyera mnansi wake. Mu 2000 a Ralph Nader a Green Party anapeza mavoti opitirira 97,000 ku Florida, pamene a Al Gore a Democratic analuza chigawocho, ndi upulezidenti womwe, ndi mavoti 537. Ku Germany kapena ku Netherlands, kumene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti, phungu wa apatsogolo mayi Alexandria Ocasio-Cortez ndi a Biden akanakhala m'zipani zosiyana, monga mayiwo ananenera okha mu 2020. Ku America goli ndi limodzi. Ng'ombe ina ikathamanga inzake itaima, mzere umakhota ndipo zonse ziwiri zimapweteka khosi.

M'goli lotere simulephera ndale, m'tanthauzo lake lakale. Anyamata olimbana amatcherana ndale, kupinga mwendo wa mnzako kuti agwe. Azungu anatenga mawu awo ku nkhondo: strategy ndi luso la strategos, mkulu wa asilikali, ndipo campaign, imene ife timati kampeni, inali nyengo imene asilikali amatuluka kukamenyera kubwalo. Ife tinatenga athu pa masewero ogwetsana, ndipo m'chipani cha Democratic kugwetsana kwa pachibale sikusowa. Mu 1982 akuluakulu a chipani anadzipatsa mavoti apadera pa msonkhano waukulu wosankha woimira chipani, osadzera kwa ovota, kuopa kuti za McGovern zingabwerezeke. Mu 2016 ambiri mwa akuluakuluwa anali atalonjeza kale mayi Clinton chisankho chisanafike patali, ndipo makalata a ku likulu la chipani atatulukira poyera, osonyeza kuti ena kumeneko sankawafuna a Sanders, wapampando mayi Debbie Wasserman Schultz anatula pansi udindo mu Julaye. Mavoti apaderawo anachepetsedwa mphamvu mu 2018. Chaka chomwecho mayi Ocasio-Cortez, ali ndi zaka 28, anagwetsa a Joe Crowley, mmodzi wa akuluakulu a aphungu a chipanichi. Mu 2020 a Biden atapambana ku South Carolina pa 29 Febuluwale, a Pete Buttigieg ndi mayi Amy Klobuchar anachoka pa mpikisano n'kuwaikira kumbuyo pasanafike pa 3 Malichi, tsiku limene zigawo zambiri zinkavota pamodzi, ndipo mwayi wa a Sanders unatsekeka. Chomalizachi sindichiyesa chinyengo. Anthu a maganizo ofanana anagwirizana poyera, ndipo ovota ndiwo anagamula.

Kusiyana kwa ndale yoyera ndi yakuda kuli pomwepo, ndipo kukutifikitsa ku mawu amene ndimawaona olemera kuposa onse pa nkhaniyi. Chisankho chimene a chipani amasankhira wodzawaimira, Azungu amangoti primary, kuchokera ku primus, choyamba. Dzinalo likungowerenga nthawi. Ife timati chisankho chachipulula. Kupulula ndi kugwira nthambi ya chamwamba n'kukoka dzanja kuti masamba ayoyoke, patsale phesi lolimba. Dzina lathu likunena ntchito imene chisankhocho chimagwira: kuyesa amene angapirire kukokedwa.

Chipulula cha ku America ndi mwana wa apatsogolo oyambirira aja. Wisconsin wa a La Follette ndiye anakhazikitsa lamulo lake mu 1903, anthu n'kulivomereza pa voti mu 1904. Pa upulezidenti, mphamvu zenizeni zinafika kwa ovota utatha msonkhano wa chipwirikiti wa ku Chicago mu 1968, pamene a Hubert Humphrey anasankhidwa kuimira chipani osapikisana nawo pa chipulula ngakhale chimodzi, kunja apolisi akumenya achinyamata. A Humphrey anagonja kwa a Richard Nixon. Patapita zaka 56 zinachitikanso mwa mtundu wina. A Biden anakakamira kuimanso, akuluakulu a chipani anakhala chete, ndipo palibe wamphamvu amene anawapikisa. Atasiya pa 21 Julaye 2024, nthawi ya chipulula inali itatha, ndipo mayi Harris analowa mu mpikisano m'malo mwawo kutatsala masiku 107 kuti chisankho chichitike. Lero apatsogolo akuti mayiwo anapita pakati kwambiri, apakati akuti sanafike pakati mokwanira, ndipo palibe angatsimikize zake, chifukwa funsolo silinaperekedwe kwa eni chipani.

Pomwe funsolo laperekedwa, mayankho amabwera osiyana malinga ndi malo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mu Juni 2025 a Zohran Mamdani, wobadwira ku Kampala ndipo amadzitcha msosholisti poyera, anagonjetsa a Andrew Cuomo pa chipulula cha umeya wa New York, atalonjeza mabasi aulere ndi kuimitsa kukwera kwa lendi m'nyumba zimene mzinda umayang'anira mitengo yake. Mwezi womwewo mayi Mikie Sherrill, a gulu la apakati, anapambana chipulula cha ubwanamkubwa wa New Jersey. Pa 4 Novembala onse awiri anapambana, pamodzi ndi mayi Spanberger ku Virginia. Onse atatu anakhazikika pa kukwera mtengo kwa zinthu. A Cuomo, amene anakana kugonja n'kuima paokha, anagwanso kachiwiri.

Za kuima pawekha utagwa pa chipulula ife sitichita kuuzidwa. Mu 2019 aphungu 55 mwa mipando 193 ya Nyumba ya Malamulo ya Malawi analowa ngati oima paokha, ndipo madandaulo a zipulula zosokonekera, kapena za munthu wochita kuikidwa ndi akuluakulu, amamveka chisankho chilichonse. Zipani zathu sizikangana kwenikweni za kumanzere ndi kumanja, koma matenda oopa mavoti a anthu ako omwe ndi amodzi.

Wamkulu wa chipani akanena kuti uje sangapambane choncho asaime n'komwe, akulosera zimene sakuzidziwa. Ambiri ankanena zomwezo za a Barack Obama mu 2007 ndi za a Trump mu 2015. Chipani cha Democratic chikafuna kudziwa pamene pali pakati pa dziko lake mu 2028, chitsekule chipulula kwa onse, apatsogolo ndi apakati omwe, akuluakulu achotsepo manja awo, ndipo wogwa avomereze n'kukoka nawo goli mpaka Novembala.